Amuna Anga M'ndende, Ine pa Khonde la Sitolo

Ndinakwatiwa ndi telala. Anali ndi makina opondera ndi phazi, ndipo malo awo anali pa khonde la sitolo ya mmwenye wina, pamsewu wotsikira ku msika wa Lilongwe. Masiku amenewo tauni yonse inali yomweyo: masitolo a amwenye, msika, mzikiti ndi mlatho. Kutsidya kwa mtsinje kunali boma ndi nyumba za azungu, kumene lero timati Eriya 3. Uko kwadzaza maofesi ataliatali tsopano kunali tchire ndi minda ya anthu. Ife tinkakhala ku Mchesi m'kanyumba ka lendi, ndi mwana wathu wamkazi amene anali atangoyamba kuyenda.

Amuna anga anali munthu wolankhulalankhula. Phazi likupalasa, manja akukankha nsalu, pakamwa posatseka. Motero pakhonde pawo sipankatha anthu. Ena ankabwera ndi zigamba, ena ankangobwera kudzacheza, ndipo zaka zimenezo macheza onse ankathera pa nkhani ya Chitaganya, chimene chinatimangirira pamodzi ndi maiko awiri oyandikana nafe, ife tisanafunsidwe. Amuna anga sanali mtsogoleri wa chilichonse. Koma ankadana nacho Chitaganyacho, ndipo sankadziwa kunong'ona.

Chaka chimene boma linaletsa misonkhano, iwo anapitabe ku msonkhano wina kuseri kwa msika. Patapita masiku ochepa apolisi anabwera pakhondepo dzuwa lili paliwombo, nawatenga tepi yoyezera ikadali m'khosi. Ine ndinali kunyumba ndikuchapa. Amene anadzandiuza anali mkazi wa mwini sitolo uja, mayi wachisilamu amene sankatuluka kawirikawiri kuseri kwa sitolo yawo. Tsiku limenelo anayenda yekha mpaka ku Mchesi akufunsira njira, nsapato zake zitachita kufiira ndi fumbi. Chichewa chake chinali chodukaduka, koma ndinamva zonse. Anati makina awalowetsa m'sitolo, palibe amene awakhudze.

Mlandu sunachedwe. Anawagamula kuti akakhale m'ndende, konkuno ku Lilongwe. Anzawo ena anawatumiza kutali, kum'mwera, moti anthu ankandiuza kuti ndili ndi mwayi. Ine mwayiwo sindinkauona.

Lamulungu lotsatira ndinabereka mwana n'kupita kutchalitchi. Abusa kunalibe, ndipo amene analalikira anali mkulu wa mpingo wina, bambo wachikulire wa imvi za m'mbali, amene ankagwira ntchito ya ukalaliki, yolembalemba m'ofesi ya boma. Ndi iwo amene anatilangiza ife tikamakwatirana. Anatsegula Malemba n'kuwerenga salmo lina lonena za anthu okhala mumdima, omangidwa ndi unyolo, ndipo linkatchula chifukwa chake: akuti anapandukira mawu a Mulungu n'kunyoza uphungu wake. Kenaka anawonjezera mawu ena, onena kuti olamulira anaikidwa ndi Mulungu, ndipo wochita zabwino alibe chifukwa chowaopera. Sanatchule dzina la munthu. Koma mumpingo wonse uja, amene mwamuna wake anali atamangidwa sabata imeneyo ndinali ine ndekha. Amayi amene ndinakhala nawo pabenchi anayamba kuyang'ana pansi. Ndinapirira mpaka nyimbo yomaliza, ndipo potuluka sindinapatse munthu moni.

Kunyumba ndinatenga buku la Malemba la amuna anga. Sukulu ndinalekera panjira, kuwerenga kwanga kunali kotsata ndi chala. Koma ndinkakumbukira nkhani imene iwo ankakonda kundiwerengera, ya mnyamata uja abale ake anamugulitsa kwa amalonda, kenaka n'kuponyedwa m'ndende kudziko lachilendo pa mlandu wonamiziridwa. Ndinaisaka masana onse mpaka ndinaipeza. Pamenepo panalembedwa poyera kuti Mulungu anali naye m'ndende momwemo, namukomera mtima, mpaka woyang'anira ndende anamukonda n'kumusiyira zonse m'manja.

Ndinakhala pamkeka buku lili pamiyendo, mutu utaima. Buku limodzi lomweli, tsamba lina likuti womangidwa ndi wopandukira Mulungu, tsamba lina likuti womangidwa ndi wokondedwa wake. Nanga amuna anga anali pa tsamba liti? Silinali funso lamasewera kwa ine. Ndinkafuna kudziwa kuti ndikamapemphera ndiziti chiyani: ndiziwapepesera, kapena ndizithokoza kuti sali okha.

Njala siidikira mafunso otere. Ufa utatsala pang'ono kutha ndinapita kusitolo kuja ndi maganizo ogulitsa makina. Mwini sitolo anali munthu wosachedwa pa nkhani za malonda, ndipo anali atapeza kale telala wina wofuna khondelo. Tili mkati mokambirana, mkazi wake anatulukira kuseri kwa makatoni a sopo. Analankhula ndi mwamuna wake m'chinenero chawo, mawu otsika koma osalekeza. Bamboyo anakweza manja m'mwamba, n'kubwerera kukauntala.

Mayiyo anatembenukira kwa ine. "Makina osagulitsa," anatero. "Bambo akabwera apeza chiyani? Mawa bwera. Ine ndikuphunzitsa."

Anandiphunzitsadi. M'mawa uliwonse sitolo isanadzaze tinkakhala kuseri, pabwalo lawo lonunkhira adyo ndi zokometsera ndiwo, iye akundionetsa kulowetsa ulusi, kupinda mpendero, kudula nsalu osaiwononga. Ndinathyola masingano ambiri. Sanandikalipirepo, ankangoseka n'kutulutsa ina m'kachitini. Mwana wanga ankasewera ndi ana ake, ndipo anaphunzira kudya tsabola asanadziwe kulankhula bwino. Pakutha kwa mwezi ndinatulutsa makina pakhonde. Amuna ena ankaima n'kumandiyang'ana, poti mkazi wosoka pakhonde la sitolo sankaoneka masiku amenewo. Koma zigamba sizisankha wosoka, ndipo pang'onopang'ono makasitomala a amuna anga anayamba kubwerera.

Tsiku lina tikusoka ndinamufotokozera mayi uja za nkhawa yanga, ndi nkhani ya mnyamata wogulitsidwa ndi abale ake. Anaimitsa lumo n'kundiyang'ana.

"Ameneyo ifenso timamudziwa," anatero. "Ali m'buku lathu. Mneneri. Chitsime, ndende, maloto, zonse."

Ndinadabwa kwambiri. Ndinamufunsa ngati m'buku lawo mulinso mawu oti omangidwa ndi opanduka. Anaganiza pang'ono, n'kunena kuti zimenezo akafunse akuluakulu a ku mzikiti, iye amangodziwa kuti mneneriyo anadikira nthawi yaitali ndipo Mulungu sanamuiwale. Sanakafunse, ndipo ine sindinamukumbutse. Komabe zinandilimbitsa mtima kudziwa kuti nkhani imene ndinkaigwiritsa ngati ndodo inalinso kuseri kwa sitolo ija.

Atamangidwa, amuna anga ndinawaona koyamba mwangozi. Mkazi wa mzungu wina anasoketsa makatani kudzera kusitolo, ndipo eni sitolo ananditumiza kukawapereka kumayadi kutsidya. Nditawoloka mlatho n'kuyamba kukwera mtunda wa mitengo ya mthunzi, ndinaona gulu la akaidi likutchetcha udzu m'mbali mwa msewu, msilikali wa ndende ataima poteropo ndi mfuti. Amuna anga ndinawazindikira ndi msana. Anali ataonda, mutu atawameta mpala, kabudula woyera atada ndi dothi. Ndinachepetsa liwiro, mtolo wa makatani uli pamutu, mwana ali kumbuyo. Iwo anaweramuka kuti apukute thukuta, ndipo maso athu anakumana.

Sitinalankhule, chifukwa zinali zoletsedwa. Ndinangotembenuka pang'ono kuti aone nkhope ya mwana. Iwo anayang'ana mwanayo, kenaka anayang'ana mtolo uja. Nsonga ya katani imodzi inkalendewera, ndipo ndinaona maso a telala akuyeza mpendero wanga ali patali. Anagwedeza mutu kamodzi, n'kuweramanso ndi chikwakwa chawo. Msilikali uja anaona zonse, koma anayang'ana kumbali ngati wina wamuitana. Ndinakapereka makataniwo kukhomo lakuseri, ndipo pobwerera ndinakhala pansi pa mtengo pafupi ndi mtsinje n'kulira mpaka mwana nayenso anayamba kulira.

Kutchalitchi ndinali nditasiya kupita. Ndiye m'mawa wina ndili pamakina ndinangoona mkulu wa mpingo uja ataima patsogolo panga, buluku lopindidwa bwino lili m'khwapa. Anati lang'ambika thumba. Nditaliyang'ana, kung'ambikako kunali kochepa moti akazi awo akanatha kusoka ndi dzanja. Ndinawapatsa mpando, n'kuyamba kusoka.

"Mayi, sitikukuonani kunyumba ya Mulungu," anatero patapita kanthawi.

"Ndinamva zimene munawerenga zija, bambo. Ndinaona kuti mkazi wa wopanduka alibe malo."

Anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Anati salmo lija silithera pamene iwo analekezera. Kutsogolo kwake limati anthu omangidwawo anafuulira kwa Mulungu, ndipo iye anawatulutsa mumdima n'kudula maunyolo awo.

"Zimenezo ndinaziwerenga," ndinayankha. "Koma chifukwa chomangidwira chija sichinafufutike. Pamene kwina, mnyamata uja anamangidwa wosalakwa, Mulungu ali naye. Tsono ndiuzeni inuyo amene mumadziwa Malemba. Bambo a mwanayu ali mbali iti?"

Ndinkayembekeza kuti andidzudzula, kapena anditsegulira mavesi ena khumi. Koma anangoyang'ana ngolo ya fodya imene inkadutsa mumsewu.

"Sindikudziwa, mwana wanga," anatero. "Zonse ziwiri zinalembedwa, ndipo ine ndilibe mphamvu yochotsapo imodzi. Ndende ndi imodzi, koma olowamo salowa ndi mtima umodzi. Zam'kati mwa munthu amaziona ndi Mwini wake. Chimene ndikudziwa n'chakuti palinso mawu ena, onena kuti wokayendera wam'ndende wayendera Ambuye amene. Amenewo ndiye savuta kumva. Kodi munapitako kukawaona?"

Ndinawauza kuti ndinayesa kawiri, koma pachipata anandibweza. Iwo anati aona chimene angachite. Analipira buluku lawo n'kumapita.

Sabata yotsatira anabwera ndi chilolezo. Sanangondipatsa n'kuchoka ayi, anandiperekeza okha, masana, anthu akuona. Muyenera kumvetsa kuti nthawi imeneyo kalaliki wa boma kuoneka akuyenda ndi mkazi wa mkaidi wa ndale chinali chinthu chotha kumuchotsetsa ntchito, ndipo bamboyo anali ndi ana asukulu. Mbali inayi, anyamata a m'tauni ankawatcha wogulitsa mtundu chifukwa chogwira ntchito kwa azungu. Anayenda pakati pa maso onsewo atanyamula kamtanga kanga ka mbatata yowotcha ndi mtedza, akundifunsa za mwana ngati tikupita ku ukwati.

Anatilola kulankhula kanthawi kochepa, waya ali pakati pathu. Amuna anga anandiuza kuti anasiya kutchetcha udzu. Mkulu wa asilikali a ndende anamva kuti iwo ndi telala, ndipo anawaika m'kachipinda kokhala ndi makina akale kuti azisoka mayunifolomu ong'ambika, a akaidi ndi a asilikali omwe. Ankagwira ntchito pamthunzi, ndipo nthawi zina msilikali wokondwa ndi kabudula wake ankawasiyira chakudya. Amuna angawo atawona mkulu wa mpingo kumbuyo kwanga anadabwa, poti pa nkhani ya Chitaganya awiriwa sankamvana n'komwe. Koma anapatsana moni mwaulemu, ndipo bambo aja anapemphera pemphero lalifupi, maso otsegula, poopa kuti nthawi itithera.

Ndinatuluka m'menemo mapazi asakugunda pansi. Kwa ine funso linali litayankhidwa. Woyang'anira ndende wawakomera mtima, monga zinachitikira m'nkhani ija. Ndinabwerera kutchalitchi, ndinafotokozera amayi anzanga, ndinauzanso mayi wa kusitolo, amene anandipatsa maswiti a mkaka kuti ndikondwerere. Miyezi yotsalayo ndinaipirira ndi chimwemwe chimenecho, ndipo sindichita nacho manyazi, chifukwa chinandidyetsa ndi kundigonetsa tulo.

Anawatulutsa chaka chotsatira, mvula itangoyamba. Anafika pakhonde masana ndi kathumba m'manja, n'kuima akuyang'ana mmene ndinkasokera kolala ya malaya. Mwana anabisala kumbuyo kwanga, sanawadziwe. Khutu lawo lamanzere linali litagontha chifukwa cha mbama za masiku oyamba, ndipo kulankhulalankhula kuja kunali kutachepa.

Tsiku lina tikudya ndinawauza zonse: ulaliki uja, mavesi awiri aja, ndi mmene ndinadziwira kuti Mulungu anali nawo nditamva za makina a m'ndende. Ndinkaganiza kuti akondwa. Iwo anasamba m'manja.

"Mayi, musamanene choncho pagulu," anatero.

Anandiuza za bambo wina wa ku Nathenje, mlimi, amene anamangidwa sabata imodzi ndi iwo ndipo ankagona pafupi nawo. Munthuyo sanapite n'komwe ku msonkhano uliwonse, anangopezeka pamsewu tsiku loipa atanyamula khasu. Ndiye amene ankatsogolera mapemphero m'chipinda mwawo, ndiye ankagawira anzake chakudya chake, ndiye anawasambitsa amuna anga khutu likutuluka mafinya. Iyeyo sanapatsidwe mthunzi uliwonse. Anaphwanya miyala mpaka anadwala chifuwa, ndipo anamwalira kutatsala pang'ono kuti atuluke.

"Mukati Mulungu anali nane chifukwa anandipatsa makina, ndiye kuti mukunena kuti sanali ndi mnzanga uja," anatero. "Pamene ine ndikudziwa kuti ngati m'chipinda muja munali munthu woyenda ndi Mulungu, anali iyeyo. Ine masiku ena ndinkatukwana kumwamba komwe. Mukanandiona nthawi imeneyo mukanati salmo la akulu aja likunena ine."

"Nanga tizithokoza chiyani?" ndinafunsa.

"Tizithokoza ndithu. Ndatuluka wamoyo, ndapeza inu ndi mwana muli bwino, ntchito sinafe. Koma tisamayese ngati tadziwa mmene Iye amagawira."

Mawu amenewo anandilanda kanthu kena kamene ndinkakakonda, ndipo kwa masiku angapo ndinali wokhumudwa. Koma ndinkadziwa kuti sakunama. Kuyambira pamenepo mavesi awiri aja ndinasiya kuwakanganitsa. Ndimawawerenga onse mpaka lero, ndipo sindinapeze munthu wondimasulira mokwanira, ngakhale abusa ophunzira amene ndakumana nawo pa moyo wanga. Chimene ndingachitire umboni n'chochepa: m'chaka chimene ndinkaopa kuti tatayidwa, mayi wa chipembedzo china anandipatsa luso la m'manja, bambo amene anandipweteka ndi ulaliki anaika ntchito yake pachiswe chifukwa cha ine, ndipo msilikali amene sindinamudziwe dzina anayang'ana kumbali. Ndikhulupirira anthu amenewa onse anatisiya kale. Ndimawatchula m'mapemphero anga, aliyense monga ndimamukumbukirira.

Mwini sitolo anatilola kuika makina achiwiri pakhonde lomwelo, ndipo tinasoka moyandikana zaka zambiri, ine kumbali ya khutu lawo lakumva. Chitaganya chinatha ife tili pomwepo. Mkulu wa mpingo uja ndi amuna anga sanagwirizanepo pa ndale, koma mkuluyo zovala zake zonse ankasoketsa kwa ife.

Chinthu choyamba chimene amuna anga anafuna kuchita atapezako mphamvu chinali kukaona mkazi wa mnzawo uja. Anasoka diresi ndi malaya a ana mongoyerekeza misinkhu, kuchokera pa zimene malemuyo ankawafotokozera. Tinakwera basi ya ku Nathenje Loweruka lina, n'kuyenda pansi mtunda ndithu kuchokera pamsewu, tikufunsa m'midzi. Tinamupeza akupalira chimanga. Anali mayi wamng'ono thupi, wamaso akuthwa. Atamva kuti ndife yani anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, n'kuitana ana ake atatu kuti adzakhale pafupi.

Sanalire. Anafunsa mafunso ambiri, limodzi ndi limodzi: ngati mwamuna wake ankadya, ngati anali ndi chofunda, ngati ankawatchula ana, ngati panali munthu pambali pake pa mapeto. Amuna anga anayankha zonse mosabisa, ndipo pa funso lomalizalo anati, "Ndinalipo ine, mayi. Mutu wawo unali pamwendo pangapa." Mayiyo anayang'ana mwendowo nthawi yaitali.

Malaya a mwana wamkulu anachepa m'mapewa, ndipo amuna anga anamuyeza ndi chingwe kuti akasoke ena. Pochoka mayiyo anathamangitsa nkhuku yathadzi kuzungulira nkhokwe mpaka anaigwira, n'kuimanga miyendo ndi luzi. Tinayesa kukana, poona mmene pakhomopo panalili, koma anatiikira m'manja n'kubwerera m'munda mwake. Tinaikwera nayo basi, ili pansi pa mpando, ndipo sitinaiphe. Inaikira mazira ku Mchesi mpaka inakalamba.